Kaligono, Mtembo Wokana Manda

Padangokhala, inde padangokhala, ndipo amene sakufuna kuvomera kuti tili tonse asendere kutali ndisanayambe. Nkhani iyi sindidachite kumva kwa munthu. Ndidaliko ine Matewere, pansi pa madzi penipeni, masiku amene chifuwa changachi chinkasunga mpweya kuyambira mvula yoyamba mpaka kukolola. Ndinkakhala pamwala pansipo n'kumasuta fodya wanga, utsi n'kumakwera, asodzi pamwamba n'kumati kwagwa nkhungu.

M'dziko la nsomba mudali malo amodzi otchedwa Chikuta. Mukudziwa kuti kwathu kuno mayi akachira amabindikira m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo mwamuna saponda pakhomo. Nsomba nazo zidali ndi chawo. Mkazi akaikira mazira ankawatola n'kuwasunga m'kamwa mwake, n'kukalowa kumeneko. Sankadya, sankayankhula, kuthawa sankatha, mpaka tiana titaswa n'kukhwima. Lamulo lidali limodzi basi: m'Chikuta simudyedwa kanthu. Ng'ona ankalambalala. Nkhwazi akafika pamwamba pake ankayang'ana kumbali. Ngakhale akatumbu, amene amadya nsomba m'mawa, masana ndi madzulo, ankaphunzitsa ana awo kuti wodya za m'Chikuta amatupa, n'kuwola ali moyo.

Azimayiwo adali ndi nyimbo yawo. Mawu idalibe, nanga munthu angatchule mawu ali ndi ana mazanamazana m'kamwa? Ankangong'ung'uza milomo ili chitsekere. Mmodzi ankayamba chapansipansi, anzake n'kulandira, mpaka madzi onse ankanjenjemera ngati chikopa cha ng'oma. Siinkalowera m'makutu nyimbo imeneyo, inkalowera m'mafupa. Ine ndidaimvera pafupi kwambiri, n'chifukwa chake bondo langali limaimba lokha kukazizira.

Pakhomo pankalondera nduna yaikulu, a Kampango, ndevu zawo zotalika kuchokera pano mpaka kuchigayo. Koma chaka chimenecho a Kampango adameza mbedza ya anthu, adakwera kumwamba osatsanzika. Khomo lidangotsala pululu, m'katimo azimayi atadzaza tho.

Achinyamata a akatumbu atamva, adasonkhana pathanthwe pomwe ankaothera dzuwa. Mtsogoleri wawo adali Sakhuta, mnyamata wamapewa, mano oyera mbee, wosadziwa kupepesa. Iye adati nsomba zakunja zachepa, umasambira mpaka msana kuwawa kuti upeze kausipa kamodzi, pamene m'Chikuta chambo chonenepa changokhala duu, chosathawa n'komwe. Adati madala adadya nyanja yonse pa unyamata wawo, ndiye mano atatha ayamba kupatula malo kuti ana nawonso agone ndi njala. Kenako adaponya funso.

"Ndani pano adamuonapo wotupayo? Tchulani dzina lake ndi mudzi wake."

Wina adati agogo ake adamva kwa agogo awo. Anzake adamuseka mpaka adalowa m'madzi.

Amene adaimirira ndi mlongo wake wa Sakhuta yemweyo, Mwatitha, namwali wosachulutsa mawu. Adati za kutupazo iyenso sazikhulupirira kwenikweni, koma kansomba kalikonse kamene amagwira kunja kadatulukira pakhomo lomwelo. Adatinso akatumbu a m'mitsinje ina amawapatsa ulemu chifukwa ndiwo okha mtundu wokhala ndi malo amene umafikapo n'kutseka pakamwa.

"Tikadya pamenepo, achimwene, chathuchathu chitsala chiyani kupatula njala?"

"Iwe wakalamba usanakwatiwe," adatero Sakhuta. "Kadzikhala ndi madalawo, muzikatafunirana nkhani."

Gulu lidaombera m'manja Sakhuta, ndipo adapangana kuti kukacha alowa.

Tsono pansi pa thanthwe lomwelo padagona wina amene adamva zonse. Dzina lake Kaligono, nsomba yamawangamawanga ngati chinthu chimene chayamba kale kuwonongeka. Ntchito yake idali yochititsa manyazi. Ankagona chammbali pamchenga, kukamwa yasa, diso lili tong'o, ngati wafa. Tinsomba tikabwera kudzasuzumira mtembo, iye kwapu. Paukwati sankamuitana, pamlandu sankamufunsa. Akatumbu okha ndiwo sankamudziwa, popeza mtundu wawo sudya chofa chokha. Akamuona ankangoti kwafa nsomba, n'kudutsa atagwira mphuno.

Chikadakhala chaka china, Kaligono akadangoseka n'kudikira zotsala. Koma m'Chikutamo mudali mkazi wake Nangondo, ali ndi mazira ake oyamba, atakhala zaka ndi zaka akumunyoza kuti ndi chumba. Ndipo popeza adalowa mochedwa, malo adawapeza pafupi ndi khomo penipeni. Akatumbu polowa akadayambira iye.

Kaligono adathamangira kwa Nkhanu, mkulu wa adzukulu okumba manda m'dzikomo, n'kumupempha kuti kukacha akamulire pakhomo la Chikuta. Nkhanu adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Ndikulire iwe? Tsiku udzafadi ndidzaphika mowa."

Kaligono sadakwiye. Adangofunsa kuti chambo chikadzatha, akatumbu adzayamba kugubuduza miyala kufuna ndani. Nkhanu adaona m'maganizo zala zake zikuphwanyidwa, kenako adafunsa kuti maliro ake akufuna olira mokweza kapena achifatse.

Chidatsala n'kudziwitsa Nangondo, kuti akamva za imfa asakuwe n'kulavula ana. Koma mwamuna salowa m'Chikuta, ngakhale wakuba ngati Kaligono lamulo limenelo ankaliopa. Adaima panja n'kunong'oneza kuti amayi a kunyumba, mukamva zilizonse musatsegule pakamwa. M'katimo simudachoke yankho. Sakadayankha ngakhale akadamva, ndipo Kaligono adachokapo osadziwa ngati mawu ake adafika.

Kutacha akatumbu adabwera mondondozana, Sakhuta patsogolo. Atafika pakhomo adangoti dzidzimu. Pakati pa njira padagona mtembo, mawanga ali bii, kukamwa kuli yasa, pambali pake Nkhanu akudzigwetsagwetsa ndi kulira. Atamufunsa, Nkhanu adafotokoza akusisima kuti malemuwa dzulo ataona kuti pakhomo palibe mlonda adalowa n'kudyamo kamwana kamodzi, kamodzi kokha. Potuluka mimba idayamba kutupa, khungu n'kumasintha akuona, ndipo adamwalira akupempha madzi akumwa, nsomba ili m'madzi momwe.

Apo m'katimo azimayi adaona zithunzithunzi za akatumbu pakhomo. Mmodzi adayamba nyimbo ija chapansipansi, anzake adalandira, ndipo mchenga udayamba kuvina wokha kuzungulira mtembowo. Ubweya wa akatumbu udaima njo. Am'mbuyo adayamba kukumbukira kuti kunyumba adasiya odwala.

Sakhuta sadabwerere. Adazungulira mtembowo, adaununkhiza, adaugubuduza ndi phazi. Kenako adawerama n'kuluma kumchira, n'kuzomolako nthuli. Ululu umenewo, anthu inu, ine ndidaumva ndili pamwala wanga patali, mpaka kaliwo wanga wa fodya adandigwa. Koma Kaligono sadaphethire. Sakhuta adalavula nthuliyo.

"Wafadi. Nanga n'chachilendo? Nsomba zimafa tsiku lililonse. Tiyeni."

Palibe adasuntha. Kudya m'Chikuta adali atavomera, koma kulumpha mtembo miyendo yawo idakana. Adati auike kaye m'manda, za kudya aziona pambuyo. Sakhuta adatukwana, koma ataona kuti atsala yekha adavomera. Adati manda akumba okha, chifukwa mdzukulu wolira chonchi samukhulupirira, ndipo adatenga anyamata kukafuna mwala woti adzatsindire pamwamba. Mwatitha adamusiya kuti ayang'anire mtembo, akuti popeza ndiye wokonda miyambo.

Mwatitha adakhala pambali pa mtembo. Tsono kufa konama kuli ndi vuto limodzi: wakufayo amafuna kupuma. Kaligono adapirira, adapirira, mpaka mutu udayamba kulira. Mapeto ake makha, mopumira nsomba m'mbali mwa mutu, adatseguka pang'ono n'kutsekekanso. Diso lake lotong'olalo lidaona bwinobwino kuti namwaliyo waona. Maso awo adakumana. Mwatitha adangomuyang'ana. Nkhanu adaiwala kulira.

Posakhalitsa anyamata adafika akugubuduza chimwala. Sakhuta adafunsa mlongo wake ngati mtembowo wachita chilichonse. Mwatitha adachedwa kuyankha, ndipo m'kuchedwa kumeneko Kaligono adakalamba, imvi zidamumera nsombayo, ndidaziona ndi maso angawa.

"Wangoyamba kununkha," adatero namwaliyo, uku akukankhira mchenga ndi phazi kukwirira mutu wa malemuwo ngati wanyansidwa.

Adakumba dzenje lakuya loti ine nditaima m'menemo, wamtali chonchi, simukadaona ngakhale chipewa. Adamuponyamo Kaligono, adakwirira, adapondaponda, n'kutsindira chimwala chija. Pansipo mudali mdima wa bii. Mchenga udalowa m'kamwa, m'maso, m'makha. Kugwedezeka sakadatha ngakhale akadafuna. Chimene ankamva ndi nyimbo ija yokha, ikubwera kudzera m'nthaka, ndipo iye ankayesa kusanthula mawu a Nangondo pakati pa anzake kuti adziwe ngati pakamwa pake padakali potseka. Sadathe.

Pamwamba, Nkhanu adapukuta misozi n'kuwayamika anyamatawo chifukwa cha ntchito yabwino. Kenako adafunsa ngati wongocheza kuti, popeza mwagwira mtembo ndi manja anu, ndiponso mtembo wa m'Chikuta, mankhwala osamba mwatenga kwa yani? Anyamata adayang'anizana. Palibe adadziwa kuti oika maliro amasamba mankhwala asanabwerere kumudzi, kuti wakufayo asawatsatire. Akadadziwa bwanji? Kumaliro sankapita, ankati n'kutaya nthawi. Ndipo kukapempha kwa madala kukadafuna kuti aulule kumene adali.

Sakhuta adati iwo amakhala m'madzi tsiku lonse, kusamba kwina n'kotani. Komabe anzake sadamumvere. Adati tsiku loika maliro sasaka, alowa mawa. Adabalalika aliyense akununkhiza manja ake.

Atangopotoloka, Nkhanu adayamba kukumba chammbali monga amayendera, kulambalala chimwalacho kuti chisasunthe. Adakumba mpaka chala chimodzi chidathyoka. Pomwe ankamukoka mnzakeyo, adaona kuti ulendo uno mtembo ukuoneka weniweni mopitirira. Adamugwedeza, adamutsina, adayamba kulira kwenikweni tsopano. Ndiye Kaligono adasanza mchenga wokwanira kumangira nyumba ya zipinda, n'kufunsa ngati mowa uja waphikidwa kale.

Nkhanu adati basi zakwana, athawe. Kaligono adati ayi, mantha a anyamata amatha akagona tulo, afunika kuwathirira.

Kutacha akatumbu adasonkhana pathanthwe pawo kuti anyamuke. Mmodzi adasuzumira m'madzi kuti asukusule, ndipo adangouma pomwepo. Pansi pa thanthwe, pomwe Sakhuta ankakonda kukhala, padagona mtembo. Mawanga omwewo. Mchira wozomoka womwewo. M'kamwa muli mchenga wa kumanda, diso lili tong'o kuyang'ana kumwamba. Awiri olimba mtima adathamangira kumanda kuja, n'kubwera ndi uthenga: chimwala chili momwe adachisiyira. Ndipo ngakhale Chikuta chidali patali, madzi adabweretsa nyimbo ija pang'onopang'ono, ngati ikufuna munthu.

Adasamukira pathanthwe lina. Kutacha mtembo udali pansi pake. Adasamukira kubango. Udawapeza. Tsiku lililonse unkaoneka woonda kuposa dzulo, nanga Kaligono ankadya ngati? Tsiku lililonse gulu linkachepa. Ena adakagwada kwa madala n'kuulula zonse, n'kusambitsidwa zowawa. Ena ankangodzigwiragwira pamimba n'kumafunsa anzawo ngati malo awa adali chonchi kale. Nkhani za madala zija, zimene ankaziseka pathanthwe, tsopano ankazinong'onezana okha, n'kumawonjezeramo zawo.

Koma Sakhuta adali Sakhuta. Manyazi adamuwawa kuposa mantha. M'mawa wina adaitana otsalawo, Mwatitha ali pomwepo, n'kunena kuti watopa kuthawa nsomba yowola. Adati lamulo losadya chofa chokha nalonso ndi la madala omwewo, ndiye aphwanya onse awiri tsiku limodzi. Aunyamula mtembowo pakamwa, akautafunira pakhomo la Chikuta aliyense akuona, akatero alowa.

Adadumphira m'madzi, n'kumuwola Kaligono chakumutu. Theka la thupi lidalowa m'kamwa, mchira wozomoka uli lendelende panja.

Ine ndalimbanapo ndi ng'ona zisanu nthawi imodzi dzanja lina lili m'thumba, koma pamenepo ndidatseka maso. Mano adali pamsana pa Kaligono, ena pamimba, akungodikira kukumana. Kutsogolo kwake kudali kummero, kwakuda, kotentha, konunkha nsomba zonse zimene zidapitako osabwerera. Kupulumuka kudalipo. Nsomba ndi yoterera, akadangophiriphitha kamodzi mwamphamvu akadapulumuka n'kulowa pansi pa mwala. Koma onse akadaona kuti mtembo wasambira, ndipo dzuwa lisanafike pamutu m'Chikuta mukadatsala mamba okhaokha, kuyambira a Nangondo. Adangodzilekerera lobodo ngati sanza.

Adafika pakhomo. Sakhuta adatembenuka kuti anyamata aone bwino. Kaligono adatchera khutu kudikira nyimbo, poganiza kuti mwina idzamufooketsa nsagwada mdaniyo. Kudali zii. Azimayi adali atakhala nthawi yaitali osadya, aimba masiku onsewa mpaka mphamvu zatha, ndipo tsopano ataona katumbu pakhomo ali ndi nsomba kukamwa, mantha adawaiwalitsa nyimbo. Nsagwada zidayamba kutsika. Dzino limodzi lidaboola khungu.

Pamenepo nyimbo idayamba. Koma siidachokere m'Chikuta. Idachokera m'mutu mwa Sakhuta.

Kaligono, mwamuna, wakuba, amene chibadwire sadaimbepo ngakhale pamowa, adatseka milomo yake m'kamwa mwa katumbumo n'kuyamba kung'ung'uza nyimbo ya azimayi. Mawu ake adali oipa, okhakhala, osokonekera, ndipo kuipa kwakeko ndiko kudaopsa. Idagwedeza mano a Sakhuta, idakwera m'mphuno, idazungulira m'chigaza n'kutulukira m'makutu. Anyamata adamva mtsogoleri wawo akuimba nyimbo ya m'Chikuta milomo yake isakugwedezeka, maso atatuzuka. Adayamba kubwerera chambuyo.

Mwatitha yekha ndiye adasendera pafupi. Adamuyang'anitsitsa mlongo wakeyo, n'kuyankhula motsitsa, koma moti aliyense amve.

"Achimwene, masaya anu. Atupa."

Nanga akadapanda kutupa bwanji muli nsomba yathunthu m'kamwa? Koma pamenepo panalibe wofunsa zimenezo. Wotupa uja amene Sakhuta ankafuna dzina lake ndi mudzi wake, anyamata adamuona ali patsogolo pawo. Ndipo m'katimo, pafupi ndi khomo, mayi mmodzi adazindikira mawu oipa amene ankamva akuliza mkonono m'nyumba mwake. Nangondo adalandira nyimbo. Mnzake adalandira. Chikuta chonse chidalandira, mwa njala momwemo, mpaka miyala ya pakhomo idagundana.

Sakhuta adalavula. Adathawa osayang'ana kumbuyo, adatuluka m'madzi, adapitirira bango, ndipo akadapanda kugunda mtengo bwenzi lero akuthamangabe. Anyamata ake adali atamutsogolera kale. Mtembo udatsika pang'onopang'ono n'kukagona chammbali pakhomo pomwe paja, magazi akutuluka pamsana ngati ulusi.

Patapita masiku Mwatitha adabwera yekha. Adakhala pambali pa mtembowo ngati akupuma, nkhope atalozetsa kwina, n'kufotokoza kuti mlongo wake adakagwada kwa madala, adamusambitsa, ndipo amadzutsa anthu kuwafunsa ngati masaya aphwa. Koma adati Sakhuta si chitsiru. Mantha akamachepa, maganizo amabwerera. M'mawa uliwonse amakwera pamwala wautali n'kumayang'ana pakhomo pano, ndipo tsiku limene adzaone mtembo ukusambira, kapena ukudya, Chikuta chatha.

"Mwafa, bambo. Muzolowere."

Kaligono adafunsa ndi ngodya ya pakamwa kuti nanga iye, katumbu, wodziwa kuti zonsezi n'zabodza, akudzivutiranji.

"Wotupa kulibe, ndikudziwa," adatero Mwatitha. "Koma ana anga ndikufuna adzapeze khomo limene ngakhale malume awo adalephera kulowa. Zoti adalephera chifukwa chiyani, adzasankha okha chokhulupirira."

Adanyamuka, ndipo awiriwo sadayankhulanenso.

Kenako tsiku lotuluka m'Chikuta lidakwana. Azimayi adabwera pakhomo ali mafupa okhaokha, adatsegula pakamwa, ndipo tiana tidatuluka. Ine ndidayesa kuwerenga, ndidafika pomwe manambala amathera, tiana tisanathe ndi theka lomwe. Ta chambo, ta utaka, ta mbuna, tonse tidasakanikirana n'kukhala mtambo umodzi. Pamwamba, pamwala wautali, padali chithunzithunzi cha katumbu atasuzumira.

Nangondo adatuluka pomalizira. Adamuona mwamuna wake, nayenso adachiona chithunzithunzicho. Ndiye adachita zimene namfedwa amachita: adazungulira mtembo akulira mokweza kuti amuna anga, mwapita osaona ana anu, ndi awa ana anu, onse ali moyo, sindidataye ndi mmodzi yemwe. Adalira moti wapamwala amve kuti ndi maliro, ndipo wapamchenga amve kuti ndi uthenga. Atatero anzake adamugwira n'kupita naye.

Tsono mukudziwa chimene tinsomba timachita tikaona mtembo. Tiana tija tidabwera. Tidamuzinga Kaligono mbali zonse, tikumujompha pabala, tikumukoka mchira wozomokawo, tikusewera pamilomo pake. Iye adali asanadye chiyambire nkhaniyi, mimba itamatirira kumsana. Moyo wake wonse adagonera chakudya chonga chimenechi, ndipo chochuluka chotere adali asanachionepo. Chithunzithunzi chija chidachoka pamwala, Sakhuta adapita kukasaka. Panalibenso womuona. Akadangoti kwapu.

Kamodzi kadalowa m'kamwa mwake moyasamamo. Kadazungulira, kadasuzumira kummero, kadamugunda m'kamwa ndi kamphuno kake. Kaligono adayesa kukumbukira ngati kadali ndi mawanga polowa. Pamsinkhu umenewo tiana tonse timangofanana, timaso tiwiri ndi kamchira. Kadali ka chambo kodi? Kadali ka Nangondo? Panalibe womufunsa.

Adadikira, nsagwada zikunjenjemera, mpaka kamwanako kadatopa n'kutuluka kokha. Kadalowa kena. Adadikiranso.

Nthano yanga yagona pamenepo. Amene adavumbika mbatata akaphule isanapserere, ndipo yaikuluyo abwere nayo kuno.